Nkhuku Imene Inandilanda Unkhoswe

Anthu a kuno kuchigwa kukhuta sakudziwa. Chimene amadziwa ndi kutupa. Munthu amadya mpaka amasule lamba, thukuta lichite kuyenderera m'khosi, alephere n'kuwerama komwe kuti asambe m'manja, ndiye pamenepo n'kumati lero lokha ndadya. Ndikunena zimene ndikuzidziwa, chifukwa pa mpikisano umenewo ine ndinali katswiri. Ndakhala ndikugula ng'ombe pamsika wa ku Ngabu kuyambira ndili mnyamata, butchala yanga ili pa Nchalo, ndipo wogulitsa nyama sagona ndi njala. M'mawa mang'ina, masana chiwindi chootcha, madzulo nthiti, pamwamba pake botolo lozizira. Mimba inkafika pakhomo ine mwiniwake ndikadali panjira.

Ndiye ankaitamanda mimbayo. "Abwana, zikukuyanjanitu!" Azimayi a pamsika ankachita kukodolana kuti aone munthu wodya bwino. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti nsapato ankandimanga ndi mkazi wanga, kapena kuti mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Chikwawa likamaotcha ngati munalilakwira, ndinkagona chokhala pampando chifukwa ndikati ndigone chagada mpweya unkandithawa. Shuga anabwera, magazi anayamba kuthamanga, mawondo anakana. Dokotala wina wa ku Blantyre anandiuza mosapsatira kuti ndisankhe chimene ndikufuna kutaya choyamba, phazi kapena maso. Ndinamutukwana chamumtima, koma ndinamva.

Mwana wanga wamkulu amagwira ntchito ku Joni. Ndi iyeyo anapeza chipatala chimene amadula chifu cha munthu kuti chichepe. Ndinagulitsa ng'ombe zimene sindifuna n'kuzikumbukira komwe, ulendo. Nditatsitsimuka ndinapeza pamimba pali timabala ting'onoting'ono tingapo, ngati pamene palasa minga, m'kati muli chifu chosaposa nthochi. Dokotala wake anali mzimayi wosaseka. Anandiuza zinthu zimene ndinkayesa zocheza. Ndiwo ziyambe, nsima ibwere pambuyo ngati malo atsala. Nyama kuitafuna mpaka isanduke phala. Osamwera kanthu pakudya, kudikira kaye chakudya chitsike. Za m'mabotolo zathovu zija ndiziiwale. Ndipo thupi likati basi, ndisiye pomwepo, ngakhale mbamu ili kale m'manja.

"Thupilo lidzanena bwanji?" ndinamufunsa.

"Mudzalimva nokha. Aliyense lake limanena mwa njira yake."

Langa linasankha mphuno. Sekani ngati mukufuna. Ndikadya pang'ono, mphuno ya kumanzere imayamba kuchucha timadzi ngati kukubwera chimfine, kenako ndimageya kamodzi, kakang'ono. Pamenepo ndiye pamalire. Ndikangowonjezera mbamu imodzi, pansi pa chifuwa pamakhala ngati ndameza mwala, malovu amadzaza m'kamwa, thukuta lozizira, mtima phaphapha, ndipo chimene chalowacho chimabwerera njira yomwe chinadzera. Miyezi yoyamba ndinkalimbana nayo mphunoyo, ati ine bambo wamkulu ndizilamulidwa ndi mamina. Inapambana ndi iyo. Mkazi wanga anandipatulira sosala ya kapu ya tiyi kuti ikhale mbale yanga, ndizidya pang'ono koma kawirikawiri ngati mwana wongosiya kuyamwa. Shuga anatsika, mawondo anandikhululukira, nsapato ndinayamba kumanga ndekha.

Ndiye muwaone otamanda mimba aja. Malaya atayamba kundilendewera, ankabwera pabutchala ndi nkhope za pamaliro. "Abwana, kodi munakayezetsako? Masiku ano si zochititsa manyazi, mankhwala alipo." Wina anachita kundibweretsera nambala ya mbusa wopempherera matenda osadziwika. Pamene ndinkafa ankandiombera m'manja. Nditayamba kuchira m'pamene anayamba kundilira. Amenewo sindinawasamale, pakamwa pawo sipandilipirira ana sukulu. Chimene chinandipweteka chinachitikira ku Ndamera.

Mlongo wanga anamwalira kalekale n'kundisiyira mwana wamkazi. Ndinamulera m'nyumba mwanga, ndinamuphunzitsa, lero ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Bangula. Amanditcha atsibweni, koma chimene ndinamuchitira n'cha bambo ndi mayi pamodzi. Anapeza mnyamata wa ku Ndamera, Msena, wokonza mijigo, wofatsa mwina kupitirira muyezo. Akwawo anabwera kwathu kudzafunsira, tinawalandira. Koma Asena amatenga mkazi kupita naye kwawo, pamene ife Amang'anja mkamwini ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Ndiye ndinati mwana sindingamupereke kumudzi kumene phazi langa silinapondeko. Anavomera. Anati bwerani mudzaone pakhomo, tidzamalize nkhani, tidzaike tsiku la ukwati. Nkhoswe wamkulu ndinali ine. Popanda ine kuvomera ndi iwo kundivomera, tsiku silikanaikidwa.

Za chifu changa ndinatumiza mawu. Ndinauza mtsikanayo kuti auze mnyamata wake, iyeyo akafotokozere makolo ake bwinobwino kuti atsibweni anachitidwa opaleshoni, asadzadabwe. Ndinatengana ndi mng'ono wanga, popeza nkhoswe sayenda yekha. Mng'ono wangayo ndi munthu amene chibadwire sanamalizepo ntchito iliyonse kupatula mbale. Sukulu anasiyira panjira, munda wa thonje anausiyira udzu, ntchito ya ku esiteti ya nzimbe anaithawa dzuwa. Koma wina analibe, ndinamukweza m'galimoto.

Tinadutsa pa Nsanje boma dzuwa litakwera, n'kupitirira chakumalire. Pakhomo pake sindinapeze chonena. Nyumba ya njerwa zootcha, bwalo losesedwa, khola la mbuzi kuseri, nkhokwe yodzaza mapira. Bambo wa mnyamatayo anali mkulu wamtali, wowonda ngati bango, wolankhula Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena. Panalinso mchimwene wake, wa mano awiri kutsogolo ndi pakamwa posatseka. Anatikhazika pansi pa mtengo wa masau. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, mayi wa pakhomopo anabwera chogwada ndi thobwa la mapira m'makapu aakulu apulasitiki, aja oti mwana akhoza kusambiramo. Ine ndinangonyowetsa milomo n'kuika pansi, chifukwa ndikanamwa limenelo malo a chakudya akanathera pomwepo. Mayiyo anayang'ana kapu, n'kuyang'ana ine. Mng'ono wanga anagugudiza yake n'kuitanitsa ina.

Nkhani zinayenda bwino. Tinakambirana za kumene ana adzakhale, za ntchito ya mtsikanayo kuti asaisiye, za tchalitchi. Mkulu uja ankangogwedeza mutu n'kumati, "Pyadidi, pyadidi," kutanthauza kuti zili bwino. Chinatsala ndi tsiku lokha. Anati timalize titadya, popeza nkhani yabwino saimangira pa njala.

Anatilowetsa m'nyumba amuna okhaokha, ife awiri ndi iwo awiri. Patebulo panali nsima ya mapira, mitanda yolemera ngati njerwa, ndi mbale yovundikira. Mkuluyo anaivundukula yekha n'kuikankhira pamaso panga. Anali tambala wathunthu, ziwalo zonse zilimo kuti mlendo aone kuti sanamubisire kanthu, nthutumba ili pamwamba. Tambala wake uja wokalamba, woti wathamanga m'dambo moyo wake wonse, nyama yake ngati lamba wa chigayo.

"Iyi ndi yanu, bambo," anatero. "Nkhoswe akadya nkhuku ya pakhomo, ndiye kuti pakhomo wapalandira."

Ndinatenga nthutumba monga mwa ulemu wake, n'kuyamba kutafuna. Ndinatafuna, abale. Anzanga anamaliza mtanda woyamba ine ndikadali pa nthutumba yomweyo. Kenako ndinanyotsola kanyama ka pantchafu. Nsima sindinaikhudze, malo ake akanachokera kuti? Ndinaona maso a mkulu uja akutsatira dzanja langa, kuchoka m'mbale ya ndiwo kupita kukamwa, kubwereranso m'mbale ya ndiwo. Kwathu kuno wodya ndiwo zokha ndi mwana wankhuli, amamumenya pa dzanja. Ine ndinali kuchita zimenezo ndi imvi m'mutu, pakhomo pa eni.

Wa mano awiri uja ndiye anayamba. "Nsima yathuyi njakuda, eti bambo? A ku Nchalo munazolowera yoyera ya m'masitolo."

"Nsima ilibe mlandu," ndinatero. "Ndimayamba ndiwo. Ndi lamulo la kuchipatala."

"Chipatala chabwinotu chimenecho. Mundilembetseko nanenso."

Anaseka onse, mng'ono wanga kuposa eni ake. Nthawi yomweyo mphuno inayamba kuchucha. Ndinageya kakang'ono kaja. Ndinadziwa kuti basi. Ndinakoka beseni n'kusamba m'manja.

Mwini nyumba anali asanafike n'pakati pomwe pa chakudya, ine mlendo ndasamba kale, nkhuku ili chikhalire ngati sinakhudzidwe.

"Bambo, mwasamba?"

"Zandikwana, bambo. Zikomo kwambiri, zinakoma."

"Nkhabe," anakana m'Chisena, akupukusa mutu. "Mwamuna wamkulu ngati inu, nthutumba ndi kachidutswa aka? Mdzukulu wanga wokwawa amadya kuposa apa."

Ndinafotokoza. Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni, mawu ndinawatsitsa. Ndinati ndinali wonenepa kwambiri, matenda anandipanikiza, anandidula chifu ku Joni, chotsala n'chaching'ono.

"Chifu amadula cha mbuzi, ikafa," anatero wa mano awiri. "Munthu angadulidwe chifu n'kumayendetsa galimoto?"

"Achimwene, tangodyani," anatero mng'ono wanga m'kamwa muli tho. "Musatichititse manyazi kwa eni."

Ndikanamuponyera beseni lija, koma mkulu uja anakweza dzanja. Sanali kuseka. Anati, "Bambo, tisazungulire. Kuno mlendo akasiya nkhuku yomuphera, pali ziwiri. Kapena watinyoza kuti ndife amphawi osayenera mwana wake, kapena akuopa kuti tathiramo kanthu. Mutiuze chanu n'chiti." Atatero anatambasula dzanja, anatenga nyama mbali yomwe ndinkadya ine, n'kuitafuna akundiyang'ana m'maso, kuti ndione kuti safa.

Magazi anandikwera. Ine, amene ndadya m'misika yonse ya chigwa chino, m'manja mwa anthu oti sasamba, lero ndiziopa tambala wa ku Ndamera? Ndinabweza dzanja m'mbale. Ndinatema mbamu yaikulu ngati ya masiku akale, kuviika mumsuzi, kumeza. Ina. Inanso. Ndinang'amba ntchafu yonse. Mphuno ikuchucha, ine n'kumapukuta ndi mkono. Pamwamba pake ndinathira thobwa lija, limene mayi uja anali atalilowetsa m'nyumba n'kuliika pambali panga ngati mboni.

"Eyaa, tsopano ndiye mwafika pakhomo," anatero mkuluyo.

Mwala uja unabwera. Malovu anadzaza m'kamwa, maso anachita mdima. Ndinadzuka, mpando unagwa, ndinatuluka chothamanga. Ndinkafuna kuchimbudzi koma sindinkadziwa kumene chili. Ndinathera pa khola la mbuzi, n'kugwira mtengo wa kholalo, zonse n'kubwerera. Nditadzutsa mutu ndinapeza kuti kuseri kumeneko n'kumene kunali khitchini. Azimayi onse a pamudzipo anali pamphasa, mbale m'manja, akundiyang'ana.

Mayi wa mnyamata uja anaimirira n'kugwira m'chiuno. "Mwaona? Thobwa langa analikana, ndinangokhala chete. Tsopano wadzisanzitsa dala! Akuchotsa zimene akuti tamudyetsa. Ife ndife afiti, eti?"

Amuna aja anatuluka. Anthu a nyumba zoyandikana anayamba kusendera. Ine m'kamwa mukuwawa, ndinaona kuti mawu atha ntchito. Ndinakoka malaya m'mwamba, pamaso pa azimayi omwe, n'kuloza pamimba.

"Onani! Opaleshoni yake ndi iyi! Onani zipsera!"

Anasendera pafupi. Mayi uja anawerama, anayang'anitsitsa, kenako anaseka chiseko choipa.

"Opaleshoni ndimaidziwa ine. Mwana wanga womaliza anabadwa ndi mpeni, chipsera chake chinachoka pamchombo mpaka pansi. Wang'amba mimba kutulutsa chifu, n'kusiya timadontho iti? Anachitulutsira pati? Izi ndi mphini, bambo. Anakutemerani."

"Mphinidi," anavomereza wa mano awiri, chala chake chikuyenda pamimba panga ngati akusankha nsomba. "Zoyalidwa bwino. Sing'anga wake ngodziwa ntchito."

Ndinawauza kuti masiku ano amaboola timabowo n'kulowetsa tizitsulo ndi kamera. Pa mawu akuti kamera gulu lonse linafa nalo phwete. Mayi wina wachikulire anafunsa ngati zithunzi zake zinatuluka bwino. Anthu oti foni ali nazo m'manja, amaonera mpira wa ku Ulaya, amalandira mauthenga a ana awo ali kunja, koma kamera m'mimba ayi, zimenezo n'zabodza. Zoona n'zakuti munthu wina wa m'tchire anandicheka ndi lezala n'kundilamula kuti ndisamadye kwa eni. Zimenezo ndiye zomveka.

Ndinamuona mnyamata uja ataima patali, pafupi ndi nkhokwe, akukanda m'mutu. Ndinamukuwira.

"Iwe! Suja tinakutuma kuti uwauze akuluakuluwa?"

"Ndinawauza, bambo."

"Unati chiyani?"

"Ndinati atsibweni amadya pang'ono."

"Mlendo aliyense amatero," anayankha mayi ake. "Ndiye tikanaphika dzira limodzi?"

Mkulu uja anadikira phokoso lithe. Kenako analankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandipsetsa mtima koposa. Anati iye alibe chifukwa ndi mankhwala a munthu, aliyense amadziteteza mmene akudziwira, makamaka ochita malonda. Koma nkhoswe si mlendo wa tsiku limodzi. Ana akayambana amabwera, mwana akabadwa amabwera, maliro akagwa amabwera, ndipo nthawi zonsezo amadya pakhomopo. Munthu amene mankhwala ake amakana chakudya cha pakhomo pawo adzakhala bwanji pakati pa ana awo? Tsiku saika. Tipite kaye tikaganize.

Zimene ndinawayankha sindilemba pano. Ndinatchulamo mbuzi zawo, mano a mchimwene wake, ndi mtunda umene ulipo kuchoka pamudzipo kukafika pa sukulu yapafupi. Nditatembenuka kuti tizipita, mng'ono wanga sanaoneke. Anali atabwerera m'nyumba. Pamene ine ndinkavula malaya pabwalo, iye anali pa tambala uja. Anatuluka akutokosa m'mano, n'kutsanzikana ndi aliyense ndi manja awiri.

Pobwerera tinaima pa Bangula. Mtsikana uja anali atamva kale pafoni. Ndinamupeza pakhonde la nyumba ya aphunzitsi, akuchonga makope a ana. Sanalire. Mtima wake ndi wanga womwe, ndinamulera ndine.

"Atsibweni, mwakandiphera ukwati chifukwa cha ntchafu ya nkhuku?"

"Ufunse chitsiru chako chija chimene chinalephera kunena mawu awiri."

"Chitsirucho ndi chimene ndikufuna kukwatiwa nacho. Nanga mbuzi za eni munazitukwaniranji?"

Ndinamuuza kuti amuna ali mbwee, apeza wina wa kumudzi kumene anthu anaonako chipatala. Anatseka kope n'kundiyang'ana mpaka ndinayang'ana kumbali.

Masabata otsatira ndinayesa njira zanga. Mwana wanga wa ku Joni ananditumizira kanema wa pafoni woonetsa mmene opaleshoniyo amachitira, tizitsulo tikulowa, chifu chikutuluka pa kabowo. Ndinatumiza kwa mnyamata uja kuti akaonetse bambo ake. Yankho linabwera loti pafoni amaonanso anthu akuuluka ndi akufa akudzuka. Mawu awo anali amodzi. Nkhoswe abwerenso adzadye monga adyera anthu, apo ayi kubwere nkhoswe wina.

Ndinati chabwino, chifu ndi thumba, thumba limatanuka. Ndinayamba kudzikakamiza kunyumba, kuwonjezera mbamu pamwamba pa mphuno yochucha, kuti pofika tsikulo ndizitha ngakhale theka la nkhuku. Zotsatira zake zinali kuseri kwa nyumba, tsiku ndi tsiku, agalu anga n'kuyamba kunditsatira ndikangodzuka patebulo. Tsiku lina ndinagwa chizungulire pabutchala, pamaso pa makasitomala. Mkazi wanga anandilanda mbale yaikulu ija n'kuitsekera m'kabati.

"Ng'ombe zonse zija munagulitsira kuti mukaphulike ku Ndamera? Mukafa ine sindilira, ndikuuziranitu. Ndidzangophika nkhuku pamaliro panu, adye Asenawo."

Loweruka lotsatira mtsikana uja anabwera yekha pa minibasi. Anakhala pamkeka, ine pampando. Anayamba ndi kundifunsa za thupi, zimene sachita.

"Atsibweni, ndamva kuti munagwa."

"Ndinaterereka."

"Musiye zimenezo. Sindikufuna maliro anu ukwati wanga usanachitike. Ndabwera kudzapempha chinthu chimodzi. Mpando wa unkhoswewo muwapatse atsibweni aang'ono."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Uja? Amene sanakugulireko ngakhale pensulo? Amene tsiku loika mayi ako anafika manda atakwirira kale, n'kufunsa kumene akuphikira?"

"Pensulo munagula ndinu, ndikudziwa. Yunifolomu ndinu, fizi ndinu. Koma kumene kuja sakufuna wogula pensulo. Akufuna womaliza nkhuku. Ndipo akuti atsibweni aang'ono anawakonda, ati ndi munthu wa ulemu."

Wa ulemu! Munthu woti anatsala m'nyumba ya eni kukomba mbale mbale wake akusanza panja. Ulemu wa kuchigwa kuno umayezedwa ndi mafupa otsala patebulo. Ukhoza kulera mwana wamasiye mpaka agwire choko, koma ngati sungathe kumeza mtanda wa mapira ndiwe wopanda khalidwe.

Ndinamuuza kuti atuluke. Anatuluka, n'kukakhala kukhitchini ndi mkazi wanga, osapita. Ndinakhala pampando paja nthawi yaitali. Ndinayesa kupeza njira yoti ndipambane, sindinaipeze. Kukadya sindikanatha. Kuwaphunzitsa ndinalephera. Chotsala chinali kukakamira mpando, mwana n'kukalamba ali mbeta pakhonde la sukulu, akundiyang'ana ndi maso aja. Dzuwa lisanapendeke ndinaliza galimoto kupita kwa mng'ono wanga.

Ndinamupeza atagona pansi pa mtengo, wailesi pamimba. Ndinamuuza za unkhoswewo ndili chiimire, mawu ochepa. Anadzuka pang'onopang'ono, anakanda chibwano, n'kuti, "Achimwene, udindo umenewu ngwaukulutu. Mundipatse nthawi ndiganize."

Sindinamumenye. Ndimadzitamanda nazo mpaka lero.

Ulendo wachiwiri ndinawayendetsa ndine, popeza galimoto ndi yanga, ndipo jekete limene anavala nkhoswe watsopanoyo linali langa la masiku a mimba, lomulendewera ngati thumba la makala. Titafika ndinapepesa za mbuzi zija, za mano sindinapepese. Anandilandira monga dalaivala. Akuluakulu atalowa m'nyumba, ine ndinatsala panja pamthunzi ndi dzira lowiritsa ndi kachidutswa ka mlamba zimene mkazi wanga anandikulungira. Ndinadya pang'onopang'ono, ana a pamudzipo atandizungulira patali, akunong'onezana kuti ndi uja wa mphini. Kuchokera m'nyumba kunkamveka mawu a mng'ono wanga akupempha msuzi wina. Posakhalitsa nthungululu zinalira kukhitchini. Tsiku linali litaikidwa.

Ukwati unachitika mwezi wa Ogasiti, mtsikanayo anakondwa, ndipo chimene ndinkafuna n'chimenecho. Pa mwambo wake mng'ono wanga ndiye anaimirira kutsogolo kupereka malangizo a banja, munthu woti akazi awiri anamuthawa. Ine ndinakhala mzere wachitatu.

Chaka chisanathe, anawo anayambana monga achitira onse apabanja. Uthenga unabwera kuti nkhoswe apite ku Ndamera. Unafikira kwa ine, chifukwa foni ya nkhosweyo inali yothima, ndipo ndalama ya thiransipoti ndinapereka ndine. Anapita m'mawa, anabwera mawa lake, nkhope ikunyezimira mafuta. Ndinamuitana pabutchala.

"Mlandu unali wotani?"

"Aa, achimwene, zing'onozing'ono za m'banja."

"Zing'onozing'ono zotani? Wamumenya? Nkhani ya ntchito? Mwanayo ali bwanji?"

Anakanda m'mutu, anayang'ana kudenga, n'kuyang'ana nthiti zimene zinali pa mbedza.

"Anafotokozadi, koma ankalankhula onse nthawi imodzi. Ndinangowauza kuti apirire. Komatu achimwene, anthu aja bakha amamudziwa kuphika."